Dzenje la Alesi

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene dzuwa la ku Ndola limafewetsa phula la mumsewu mpaka nsapato kumamatira. Tinkakhala ku Chifubu, m'kanyumba ka kuseri kwa msika kumene amayi ankagulitsa tinsomba ta kapenta ndi nyemba. Makolo anga onse anachokera ku Katete. M'nyumba tinkalankhula Chinyanja cha kwathu, koma ukangotuluka pageti lilime linkatembenuka lokha n'kuyamba Chibemba. Kusukulu anzanga ambiri sankadziwa n'komwe kuti ndine wa kummawa.

Mpingo wathu unali ndi nthambi ina ku Bulangililo, ku Kitwe. Chaka chimenecho abusa anaganiza zoti achinyamata a mbali zonse ziwiri apite pamodzi kukakwera phiri lina la kufupi ndi malire a Congo, akaone chilengedwe cha Mulungu, akapemphere pamwamba, n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Anasankha azimayi angapo oti ayang'anire ana, ndipo amayi anali mmodzi wa iwo. Ife a ku Chifubu tinakwera minibasi yathu, a ku Kitwe anabwera ndi yawo, tinakumana pamphambano kunja kwa tauni. Tinapatsana moni wa m'gulu, woimika manja m'mwamba ndi kufuula Aleluya, koma kunena zoona sitinkadziwana. Nkhope zambiri ndinaziona koyamba tsiku lomwelo.

Msewu wa phula unatha, tinalowa wafumbi, ndipo cha m'ma naini koloko tinaima pakamudzi ka nyumba zochepa m'tsinde mwa phiri. Pamenepo tinapeza munthu wotitsogolera, dzina lake Ba Lwembe. Anali wa mtundu wa Alamba, eni dera limenelo, wamtali, wowonda, wa imvi za apo ndi apo. Anavala nsapato zazitali za mphira zimene amavala anthu a m'migodi, ndipo paphewa anakolekapo kankhwangwa. Sanali munthu wa mawu ambiri. Anadikira mpaka phokoso lathu litatha, kenaka analankhula m'Chibemba, motsitsa mawu, moti tinachita kusendera kuti timve.

"Phiri ili ndi lobookabooka," anatero. "Makolo athu ankakumbamo miyala ya mkuwa. Azungu nawo anabwera n'kukumba. Palibe amene anakwirira. Maenje ena ali poyera, ena anabisika ndi tchire. Muziponda pamene ndaponda ine. Wofuna kupatuka anene."

Anyamata ena anaseka, koma Ba Lwembe anali atatembenuka kale n'kuyamba kuyenda.

Ine mwana wa m'komboni ndinali ndisanalowepo m'nkhalango yeniyeni. Mitengo inali itangophuka masamba atsopano, ofiira ngati nyama, pamene pansi ponse panali pakuda ndi lupsa. Phulusa linkanyamuka tikaponda, n'kutilowa m'mphuno. Zulu zake zinali zazikulu ngati nyumba, zina zitamera mitengo pamwamba. Ndipo nyenje zinkalira. Sizinkalira ngati za pamtengo wa mango wa kwathu ayi. Zinkalira phiri lonse nthawi imodzi, mpaka kulirako kumamveka ngati kuli m'kati mwa mutu wako. Tinkayenda mondondozana, atsikana a kwaya akutsogolera nyimbo, anyamata akugenda masuku amene anali asanapse bwino.

Nsapato zimene ndinavala zinali za mkulu wanga, ndipo zinayamba kundidya chidendene. Pang'ono ndi pang'ono ndinatsalira mpaka ndinakhala wotsiriza pamzere. Titawoloka kamtsinje kouma, amayi anacheuka n'kundiona ndikutsimphina patali. Anaiwala Chibemba n'kufuula m'chilankhulo cha m'nyumba.

"Tamala! Tafulumira iwe, ufuna afisi akutole?"

Nditangoyambanso kuyenda ndinamva kuti kumbuyo kwanga kuli munthu. Sindinamve mapazi, ndinangomva m'thupi monga umamvera wina akamakuyang'ana. Nditacheuka ndinaona mayi wina. Anali wochepa thupi, atavala chitenje chosuluka ndi duku loyera limene linali litasanduka lofiirira. Analibe nsapato. Chimene chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti aliyense wa ife ananyamula kanthu, kaya chikwama, botolo la madzi kapena Baibulo, koma iye manja anali lendelende. Anandiyang'ana, ine ndinagwetsa nkhope mwaulemu n'kupitiriza ulendo. Mumtima ndinati ndi mmodzi wa azimayi a ku Bulangililo.

Tinapuma pamthunzi wa mwala waukulu. Mayi uja anakhala pansi chapatali pang'ono, atatambalala, manja ali pamiyendo. Beseni la mabanzi linazungulira gulu lonse, linadutsa pafupi ndi iye, koma silinaime. Ndinaona dikoni wina akuyang'ana mapazi ake ong'ambika aja kenaka n'kuyang'ana kumbali. Pambuyo pake ndinadzamva kuti a ku Bulangililo ankayesa kuti ndi wa ku Chifubu, a ku Chifubu ankayesa kuti ndi wa ku Bulangililo, ndipo ena ankati ndi mkazi wa Ba Lwembe. Aliyense anamuona. Palibe anamulankhula.

Tinafika pamwamba dzuwa lili paliwombo. Mitengo inatha mwadzidzidzi, tinatulukira pathanthwe lalikulu, ndipo dziko lonse linayalika pansi pathu. Kumpoto kunali mapiri a ku Congo, obiriwira motuwa, atagona mondondozana ngati ng'ombe zimene zakhuta. Kumbuyo kwathu Ndola ankaoneka ngati mpunga womwazika pamphasa, ndipo kutali kwambiri, mbali ya ku Kitwe, utsi unaima chilili m'mwamba. Mphepo yozizira inatiumitsa thukuta.  Ena anatulutsa mafoni kuti ajambule, n'kumadandaula kuti netiweki kulibe.

Kenaka abusa anati tipemphere. Kumpingo kwathu sapemphera mmodzi. Aliyense amatseka maso n'kufuula zake. Mawu anakwera, ena akuwomba m'manja, ena akulira, ena akulankhula malilime. Ine ndinaima kumapeto kwa thanthwe, nditavula nsapato imodzi kuti chidendene chipume, maso nditatseka.

Dzanja linandigwira pachigongono. Linali louma ndi lokhakhala ngati khungwa la mtengo.

"Mwanawe, ndiwe Tamala eti?"

Chinali Chichewa chakuya, chakumudzi, chimene ndinkangochimva alendo a ku Katete akabwera kudzagona kwathu. Kumva mawu amenewo pamwamba pa phiri la Alamba kunandikhazika mtima pansi ngati ndakumana ndi azakhali anga.

"Ee, ndine," ndinayankha.

"Tiye ukandithandize kuitana mnzako. Ali pafupi pompa. Ine sakundiyankha, wandikwiyira. Koma mwana mnzake amuyankha."

Ndinaganiza kuti mtsikana wina wa ku Kitwe wanyanyala n'kukabisala kuseri kwa miyala. Ndinayang'ana amayi, anali atakweza manja kumwamba, maso ali tsinzinu, milomo ikuyenda. Kwathu mwana sasokoneza pemphero, ndiponso sakana akatumidwa ndi wamkulu. Ndinavala nsapato ija n'kumutsatira.

Tinatsikira mbali ina ya phiri, kumene kunalibe njira. Iye ankayenda mofulumira, osayang'ana pansi, akupatuka uku ndi uku ngati munthu woyenda m'nyumba mwake. Phokoso la mapemphero linayamba kuchepa, kenaka linazimiririka. Ndinafunsa ngati tatsala pang'ono kufika, iye anangoti, "Pompa, pompa."

Tinatulukira pamalo pamene sindidzapaiwala. Pakati pa nkhalango yowirira panali bwalo lopanda mtengo ngakhale umodzi. Mitengo inaima mozungulira ngati anthu oonerera amene akuopa kusendera. Udzu wake unali waufupi, wotuwa, ndipo moto wa lupsa sunafikepo. Paliponse panali timiyala tobiriwira, tonyezimira, tokongola moti tsiku lina ndikanatola. Ndinayenda pang'ono m'bwalomo ndisanazindikire chimene chasintha. Nyenje zinali zitaleka. Kunalibe mbalame, kunalibe mphepo. Ndinkamva kupuma kwanga kokha, ndi nsapato zanga zikukhwekhwereza miyala.

Pakati pa bwalolo panali kachitsamba koyanga. Titayandikira ndinaona zinthu zitaikidwa pansi mwadongosolo, pamalo osesedwa bwino: kambale kachitsulo, chipeso chothyoka mano, patapata wa mwana atagundanitsidwa bwinobwino, ndi kamulu ka masuku, ena atsopano, ena owola. Kuseri kwa zinthuzo nthaka inatha. Panali dzenje, kukamwa kwake ngati chitseko cha nyumba, lakuda bii. M'menemo munkatuluka mpweya wozizira wonunkha madzi okhalitsa ndi dzimbiri. 

"Mnzanga uja ali kuti?" ndinafunsa. Mawu anga anatuluka aang'ono.

"Ali m'menemu. Dzina lake ndi Alesi." Anandigwira pamkono, osati mwankhanza, koma zala zake zinatsekeka ngati chingwe. "Muitane. Umuuze kuti atuluke mukasewere. Sendera, sangamve uli kutali."

Anandikokera kutsogolo mpaka zala za mapazi anga zinafika m'mphepete. Sindinalire, sindinakuwe. Mantha akakula kwambiri munthu amangochita zimene wauzidwa. Ndinawerama pang'ono n'kuitana.

"Alesi!"

Dzenje linandibwezera dzinalo, likucheperachepera mpaka linatha.

"Kweza mawu. Mwina wagona."

"Alesi! Tuluka tikasewere!"

Mawu anga anatsika, anabwerera, anatha. Kunakhalanso chete. Ndiyeno, patapita kanthawi, kuchokera pansi penipeni, kunamveka kamawu kakang'ono, kotalika, konga ka mwana amene waitanidwa ali m'tulo.

"Wee?"

Dzenje limabweza zimene walipatsa, zimenezo ndinkazidziwa ngakhale ndinali mwana. Koma ine sindinanene mawu amenewo.

Zala zija zinandifinya. Nditayang'ana nkhope ya mayiyo ndinaona akumwetulira, misozi ikutsika m'masaya afumbi.

"Wamva? Wayankha. Ndinadziwa ine." Anayamba kulankhula mofulumira. "Tsopano tsikira pang'ono. Pali mwala wopondapo apo, ine ndine wolemera, koma iwe ukwanapo. Ungomugwira dzanja, ine ndikukokani nonse awiri."

Dothi linagumuka pansi pa nsapato yanga. Timiyala tinagwera m'kati. Ndinamvetsera kuti tifike pansi, koma sindinamve kanthu, mpaka patapita nthawi yaitali kunamveka kuti chubwi, kutali ngati m'dziko lina. 

"Mwapoleni, bana Alesi."

Anali Ba Lwembe. Anapereka moni wa Chibembawo kwa amake Alesi modekha ngati akumana pachitsime. Anatuluka m'mitengo akuyenda pang'onopang'ono, anaika kankhwangwa kake pansi, n'kukhala pamwala chapatali. Sanandiyang'ane. Maso ali kwa mayi uja, analankhula nane m'Chibemba ndi mawu omwe aja a moni.

"Mwana wanga, usakoke dzanja. Khala pansi pomwepo. Pang'onopang'ono."

Ndinapinda mawondo mpaka ndinakhala pansi m'mphepete mwa dzenje. Mayi uja sanandisiye. Ba Lwembe anapitiriza kumulankhula, kumufunsa za ufa, za denga la msasa wake, koma iye ankangoyang'ana m'dzenje ngati palibe amene akulankhula.

Apo m'pamene ndinaona amayi. Anali kumbuyo kwa Ba Lwembe, dzanja lili pakamwa. Ndinadzamva pambuyo pake kuti atatsegula maso n'kundisowa, anathamangira kwa Ba Lwembe, ndipo iwo atangomva za mayi wopanda nsapato ananyamuka osafunsa zambiri. M'njira Ba Lwembe anawauza amayi kuti akafika asakuwe, chifukwa akadzidzimutsa mayiyo tonse awiri tigweramo.

Mayi uja analankhulanso nane. "Usawamvere awo, mwanawe. Tsikira."

Amayi atamva Chichewa chimenecho anachotsa dzanja pakamwa. Anadutsa Ba Lwembe, anayenda mpaka pakati pa bwalo, anagwada monga amagwadira akazi kwathu pofika pakhomo pa eni, n'kuwomba m'manja mofatsa.

"Zikomo amayi. Mwaswera bwanji?"

Mutu wa mayi uja unatembenuka pang'onopang'ono.

"Taswera," anayankha, mawu akuchita ngati akuwafunafuna. "Kaya inu?"

"Taswera bwino, zikomo. Pepani, tayenda nanu ulendo wonsewu osakupatsani moni. Kodi inu kwanu n'kuti?"

 Mayiyo anatchula dzina la mudzi wina wa ku Chadiza. Analitchula kawiri, kachiwiriko motsitsa, ngati akulilawa.

"Ndi kufupi ndi kwathu kumeneko," anatero amayi. "Ife ndife a ku Katete. Nanga chiwongo chanu?"

"Ndine naPhiri."

"Ndiye ndinu akulu anga. Nanenso ndine naPhiri." Amayi anapitiriza. "Mwana mwamugwirayo ndi wanga, ndiye kuti ndi wanunso. Taonani mmene watuwira milomo, sanamwe madzi chichokere kunyumba. Mulekeni abwere amwe."

Mayi uja anandiyang'ana ngati akundiona koyamba. Anayang'ana dzanja lake pamkono wanga. Zala zinatseguka chimodzichimodzi. Ndinakwawa chafutambuyo, kenaka chamawondo, mpaka ndinagwera pachifuwa cha amayi. Sanandikumbatire nthawi yaitali. Anandikankhira kwa Ba Lwembe, iwo n'kutsala pomwepo chogwada.

"Alesi sanadye," anatero mayi uja.

"Bwerani kuno kumthunzi tidye kaye ife, mundiuze za iye," anayankha amayi, akumasula kampango mmene anamangamo mabanzi awo.

Anakhala pansi awiriwo m'mphepete mwa bwalo. Mayiyo anadya, kenaka anayamba kulankhula, ndipo mawu ankangotuluka ngati madzi a mumpopi umene unatsekedwa kalekale. Ine ndinamvako zochepa. Zambiri anatiuza Ba Lwembe potsika phiri.

Mayiyo anabwera ku migodi ndi mwamuna wake ali mtsikana. Ntchito ya mwamunayo itatha, analibe ndalama yobwerera kwawo, ndiye anadzamanga msasa m'phirimo n'kumawotcha makala. Anali ndi mwana mmodzi yekha, Alesi, wa msinkhu wanga. Tsiku lina mwanayo anapita kukatola masuku ndipo sanabwerere. Anapeza patapata wake pafupi ndi dzenje lija. Amuna a m'mudzi anabwera ndi zingwe, zingwe zinaperewera. Anabwera ena a m'tauni ndi zazitali, anapeza madzi akuya ndi njira zina zolowera m'mbali, ndipo anabwerera chimanjamanja. Maliro sanachitike, poti panalibe choika m'manda. Mwamunayo anapirira miyezi ingapo, kenaka anapita kukafuna ntchito ku Solwezi, osabweranso. Mkaziyo anakana kuchoka. Chibemba chochepa chimene ankadziwa anachisiya, ndipo anthu a m'mudzi ankangomusiyira chakudya pachitsa n'kuthawa.

"Amakonda kutsatira alendo," anatero Ba Lwembe. "Ndinamuona pamzere, ndinati ayenda nafe pang'ono n'kupatuka monga amachitira. Sanagwirepo mwana wa munthu. Koma sanamvepo mwana woitanidwa m'chilankhulo chake." Anayenda pang'ono, kenaka anawonjeza, "Zaka zonsezi ndimamupatsa ufa. Sindinaganizepo kuti nayenso ali ndi kwawo."

Titabwerera kugulu kunali chipwirikiti. Ena ankati ndi chiwanda chimene chinadana ndi mapemphero athu, ena ankati ndi mfiti, ndipo dikoni uja anafuna kuti anyamata apite akamugwire amutulutse mizimu. Amayi, amene sindinawamvepo akuyankha mwamuna pagulu, anati, "Chiwanda chimene chili ndi mudzi ndi chiwongo? Musiyeni munthu." Abusa anati titsike, dzuwa lapendeka. Potsika palibe anaimba.

Ndinkayembekeza mkwapulo kunyumba, koma sunabwere. Amayi anatenthetsa madzi, anandisambitsa okha ngati khanda, anandipaka mafuta pamkono pamene panatsala zizindikiro za zala. Kenaka anakhala pampando n'kundiyang'ana.

"Iwe sunalakwe kumvera munthu wamkulu," anatero. "Koma kuyambira lero, munthu ukayenda naye njira imodzi, umupatse moni, umufunse dzina ndi kumene akuchokera. Akakhala mbale umudziwa. Akakhala wodwala umudziwa. Akakhala woipa, nayenso adziwa kuti wamuona. Ife akuluakulu tikanamufunsa pamwala paja, iwe sukanafika padzenje."

Ndinawauza za mawu a m'dzenje aja.  Atate, amene anali woyendetsa lole ndipo anabwera kumapeto kwa mlungu, anati m'maenje akale mumakhala mileme ndi achule, ndipo mphepo ikadutsa m'njira za pansi imalira ngati munthu. Ndinavomera ndi mutu. Koma kwa miyezi ingapo ndinkakana kutunga madzi m'dramu la kuseri kwa nyumba, chifukwa ndinkaopa kuwerama pamwamba pa madzi akuda.

Amayi sanaiwale nkhaniyo. Loweruka lililonse limene akanatha ankasiyira mnzawo benchi la pamsika n'kupita kuphiri kuja ndi kapenta, sopo ndi chitenje. Atate atapatsidwa ulendo wa ku Chipata, amayi anawakakamiza kuti apatukire ku Chadiza akafunse mudzi uja. Anaupeza. Abale a mayiyo ankayesa kuti mlongo wawo akudya bwino ku migodi ndipo anawaiwala. Ena ankati anamwalira kale. Mvula itayamba kunabwera anthu awiri, mlongo wake wamwamuna ndi mng'ono wake, ndipo anagona kwathu.

Amake Alesi anawazindikira, analira nawo, koma anakana kunyamuka. Anati sangasiye mwana yekha m'tchire. Ndi amayi amene ananena kuti mwanayo sanaliridwe, ndipo munthu sachoka pamaliro amene sanachitike. Choncho anakonza tsiku. Abusa anapita, azimayi a ku Chifubu ndi a ku Bulangililo anapita, a m'mudzi wa Ba Lwembe nawo anakwera. Ine ndinakana kupita ndipo palibe anandikakamiza. Amayi anandiuza kuti anaimba nyimbo za maliro za kwathu, analira monga amalirira mwana amene wamwalira dzulo, kenaka mlongo wa amake Alesi anatapa dothi la m'mphepete mwa dzenje n'kulimanga m'nsalu yoyera pamodzi ndi patapata uja, kuti akaike kumanda a kwawo. Amuna anagwetsa mitengo, anaiyala pakamwa pa dzenje, n'kuunjikapo miyala.

Mmawa wa tsiku la ulendo wawo, amake Alesi anakhala pakhonde pathu akudikira minibasi yopita ku siteshoni. Anali atasamba, atavala diresi la amayi ndi nsapato zimene zinkamukulira. Kanyamulidwe kake ka nsalu yoyera ija kanali ka munthu wonyamula khanda. Ine ndinaima pakhomo, osafuna kuyandikira. Anandikodola. Amayi anandigwedezera mutu, ndipo ndinapita n'kugwada patsogolo pake.

"Ndinakuopsa, mwanawe," anatero. "Undikhululukire."

Ndinati palibe kanthu. Anasendeza nkhope yake pafupi ndi yanga n'kunong'ona kuti ena asamve.

"Koma unamumva, eti?"

Ndikanatha kunena za mileme ndi achule. Ndinayang'ana maso ake ndipo ndinanena chimene ndinkadziwa.

"Ndinamumva."

Anapuma mozama, anawongola msana, n'kusisita nsalu ija. "Basi," anatero. "Tsopano tikupita kwathu."

Sindinamuonenso. Tinamva kuti anakhala zaka zingapo kumudzi akulima ndi mng'ono wake, ndipo atamwalira anamuika pafupi ndi pamene anakwirira dothi lija.

Lero ndine mayi wa ana anga, ndipo ndimagwira ntchito yolandira odwala pakiliniki ina ku Kitwe. Za mawu a m'dzenje aja ndinasiya kudzifunsa. Sindidziwa chimene ndinamva, ndipo sindiyembekeza kudzachidziwa. Ndili mwana ndinkayesa kuti choopsa cha tsiku lija chinali pansi pa nthaka. Ndakula ndaona kuti chinali pamtunda, dzuwa likuwala: gulu lonse la anthu opemphera kuyenda ndi munthu theka la tsiku, aliyense n'kumati ndi wa wina. Munthu amene onse akumuyesa wa wina amakhala alibe aliyense, ndipo chisoni chake chikasowa wochifunsa chimakagwira mwana wa eni.

Pabenchi la pakiliniki pathu sipasowa munthu wotere. Amafika mmawa, amakhala kumapeto, mzere umayenda iye osasuntha, ndipo anamwino amayesa kuti akudikira wodwala wake pamene odwala amayesa kuti akudikira namwino. Ndikamuona ndimasiya zimene ndikuchita, ndimapita n'kukhala pambali pake. Ndimayamba m'Chibemba, zikakanika ndimayesa Chinyanja. Ndimamupatsa moni, kenaka ndimafunsa kuti, "Kodi mwabwera ndi ndani?" Kawirikawiri amayamba wacheuka kumbuyo, kuona ngati ndikulankhula ndi wina.